Chitenje cha maambulera

A Modesta sayenda popanda chitenje m'chikwama. Atha zaka khumi ndi zisanu ali kuno ku America, koma mukapisa m'chikwama chawo mupeza khadi la sitima, mafuta odzola, magalasi owerengera, ndipo pansi pa zonsezo chitenje chopindidwa bwinobwino. Ine Lillian, mnzawo wa ku tchalitchi, ndinkawaseka nazo. Ndinkati, achemwali, mu Gaithersburg muno mudzakumana ndi maliro panjira? Iwo ankangoyankha kuti munthu wamkazi sadziwa.

Kwawo ndi ku Balaka. Mayi awo ankagulitsa zitumbuwa ndi nthochi pa siteshoni, akumathamangira mazenera a sitima lichero lili pamutu. A Modesta anabwera ku Washington kudzalera ana a banja lina la ku embase, ku ofesi ya kazembe, ndipo banjalo litabwerera iwo anatsala. Chiyambire pamenepo akhala akusambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena kunyumba yosamalira okalamba. Loweruka timagwira ganyu limodzi ku kampani yoperekera zakudya m'maphwando. Ine ndimayenda ndi thireyi, iwo ndi a nsalu za patebulo, chifukwa pa kusita palibe wowaposa. Khwinya amaliona ali pakhomo, ngati mmene nkhuku imaonera chiswe.

Mayi awo anamwalira nthawi ya kolona. Mapepala a a Modesta anali asanalongosoke, moti kupita kumudzi kukanakhala kupitiratu. Maliro anawaonera pafoni, ataima m'kachipinda kosungiramo matawulo kuntchito, mng'ono wawo atawagwirira foni kumanda. Netiweki inathawa bokosi lisanatsike. Kenako belu la nkhalamba ina linalira, iwo n'kupukuta m'maso, n'kupita kukaitembenuza. Nafe kuno sitinkaloledwa kusonkhana, ndiye palibe amene anapita kukakhala nawo pansi. Ine ndinangotumiza kachithunzi ka manja opemphera, ndipo mpaka lero ndimachita nako manyazi.

Zovala za malemu zikugawidwa, a Modesta anapempha chinthu chimodzi chokha, chitenje chachikasu chokhala ndi timaambulera tobiriwira. N'chimene mayi awo ankawaberekera, n'chimenenso ankamangamo kiyi wa nyumba pangodya. Azakhali awo anayankha pafoni kuti, inu a ku America nsanza mukachita nazo chiyani? Chitenjecho chinapita kwa wina, winayo anapatsa wina, chinasowa. A Modesta sanaitchulenso nkhaniyo, koma ndinkaona kuti maliro a mayi awo anali asanathe.

Loweruka lina la mu Meyi anatitumiza ku myuziyamu ina m'tauni, nyumba ya zojambula zamakono, zija umayang'ana n'kudzifunsa ngati wojambulayo anamaliza kapena anangoitanidwa kukadya. Chaka chilichonse amachita phwando losonkhetsa ndalama zoyendetsera nyumbayo, eni ake amati gala. Olemera amavala ngati akukwatira, amadya tinsomba tosakwana chala, kenako pamakhala okushoni. Kwathu okushoni ndi ya fodya. Kuno amagulitsa chinsalu chopakidwa utoto umodzi, anthu n'kumalimbirana.

Koma nyumbayo ndi yokongola, pamenepo sindinganame. Tinalowa masana, dzuwa likutsika kudzera padenga lagalasi n'kumayandama pansi ngati madzi. Maluwa oyera anali akubwerabe m'zidebe. A Modesta ankayenda tebulo ndi tebulo ndi makina awo ositira a nthunzi, ndipo nthunziyo inkakwera pang'onopang'ono m'kuwala muja, iwo n'kumaoneka ndi kusowa, kuoneka ndi kusowa. Phazi silinkamveka. Ngakhale bwana wathu Tiffany, amene mawu ake amaboola khoma, tsiku limenelo ankanong'ona.

Cha m'ma fayifi ndinawasowa. Ndinawapeza m'chipinda chachitali choyandikana ndi holo ya phwando, chimene anaikamo zinthu zoti zigulitsidwe madzulo amenewo. Anali ataima njo, akuyang'ana chinsalu chachikulu ngati mbali ya basi, chosokedwa ndi zidutswa za zitenje zakale. Pachikwangwani analemba kuti anasoka ndi mayi wina wa ku Zambia, dzina lake Malama, amene anatolera zitenjezo m'misika ya ku Chipata ndi ya ku Malawi. Sanachikhomere kukhoma. Chinkalendewera kuchokera kudenga, ndipo wina akatsegula chitseko kutali chinkafufuma n'kubwerera, ngati munthu wogona akupuma.

"Lillian, taona pansipo, kumanzere," anatero osandiyang'ana.

Ndinaona. Chikasu chofwifwa, timaambulera tobiriwira.

"Achemwali, fakitale inadinda zitenje zotere masauzande. Theka la azimayi a ku Balaka linali nacho."

"Ndikudziwa. Koma taona ngodyayo."

Ngodyayo inali yopotoka, yothothoka ulusi, monga imakhalira nsalu imene yamangidwa mfundo pamalo amodzi kwa zaka zambiri. Ndinafuna kunena kuti azimayi onse amamanga pangodya. Koma dzanja lawo linali litayamba kale kunyamuka, ndipo phazi linali pamzere wakuda umene amajambula pansi kuti anthu asapitirire.

"Amai, please, osagwila."

Anali mlonda wa chipindacho, bambo wamtali wa imvi za m'mbali, dzina lake Ferdinand, wa ku Lusaka. Anali atamva Chichewa chathu, ndiye anatsitsa mawu.

"Nipapata, amai. Makamera yali ponse. Mukagwila, ine bazanichosa nchito."

"Kamodzi kokha, bambo. Chala chimodzi."

"Sininga. Ni ya okushoni iyi. Mailo izankala ku nyumba ya wamene azagula."

A Modesta anabweza dzanja n'kulipisa m'thumba. Mawa chinsalucho chikanakhala m'nyumba ya munthu wa mpanda wautali, kumene ngakhale osita nsalu salowa popanda kuitanidwa. Anali ndi madzulo amenewo okha, ndipo kugwira kunali koletsedwa. Mtima unandiwawa, komanso ndinakwiya, ngakhale sindinadziwe woti ndimukwiyire.

Alendo anayamba kufika sikisi koloko, kunja kukadali kowala. Ndinanyamula thireyi ya matambula n'kumazungulira pakati pa madiresi ofika pansi ndi fungo la mafuta odula. Oimba anali pakona akukoka zingwe zawo mofatsa. Anthu ankalowa m'chipinda chachitali chija kukaona zimene adzalimbirane akatha kudya, nane ndinawatsata. Ndinapeza ataunjikana malo amodzi.

A Modesta anali atavula nsapato n'kuziika pambali. Chitenje cha m'chikwama chija anali atamanga pamwamba pa thalauza lakuda la kampani, mpango uli kumutu. Anakhala pansi penipeni pafupi ndi mzere wakuda, osaudumpha ngakhale ndi chala, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, mutu utapendekera kungodya ya maambulera. Aliyense wobadwira kwathu akanadziwa kuti umo ndi mmene timakhalira pasiwa. Ankaimba chapansipansi, mawu osamveka, nyimbo yokhayokha.

Alendo aja sanabadwire kwathu. Mayi wina wa ndolo zazitali ananong'oneza mwamuna wake kuti, "Is she part of the piece?" Mwamunayo anayamba kufufuza m'kabuku ka pulogalamu. Wina anatulutsa foni n'kujambula. Wina anagwedeza mutu ngati wamva zakuya, n'kuti zamukhudza kwambiri. Ndinalakalaka kuwathira vinyo yense anali pathireyi. Kenako ndinaona Tiffany pakhomo, maso ali psuu, akukodola Ferdinand ndi chala kuti amuchotse munthuyo msanga.

Ferdinand anayenda pang'onopang'ono, anthu akumupatukira. Atafika anatsitsa mawu a wailesi yake ya ulonda, anavula chipewa, n'kunjuta pambali pawo monga achitira mwamuna akafika pamaliro. Anaomba m'manja mofewa kawiri.

"Pepani, amai. Pepani maningi. Ni bandani?"

"Mayi anga."

"Banadwala nthawi itali?"

Funso limenelo ndi limene namfedwa amafunsidwa ndi aliyense wobwera kudzapepesa, mpaka kukhosi kuuma. A Modesta anali asanafunsidwepo ndi munthu ali pafupi. Anayamba kufotokoza kuyambira pachiyambi, mmene mayiwo anayambira ndi chifuwa Lachiwiri, mmene anakanira kupita kuchipatala poti nyemba zinali pamoto, mmene anawanyamulira pa njinga ya kabaza, mawu amene ananena komaliza kwa mng'ono wawo. Ferdinand ankangoti, "Mmm, pepani." Ndinaika thireyi pansi, ndinavula nsapato, ndinakhala pambali pawo phewa ndi phewa. Chitenje ndinalibe, ine woseka anzanga uja.

Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Nyimbo za oimba aja zinkamveka ngati zikuchokera kutsidya la mtsinje. Ndinkaona nsapato zonyezimira zitatizungulira, ndipo pamwamba pathu zitenje za azimayi osadziwika, za nkhuku, za mawotchi, za misonkhano ya tchalitchi, zonse zili duu ngati nazonso zabwera kudzakhala nafe.

Kenako belu la chakudya linalira, ndipo anyamata operekera zakudya anatsegula zitseko zikuluzikulu za holo zonse ziwiri nthawi imodzi. Mphepo inadutsa m'chipindamo. Chinsalu chija chinafufuma kuposa kale, chinadumpha mzere wakuda, ndipo ngodya ya maambulera inadzagwa paphewa la a Modesta, n'kukhudza tsaya lawo, n'kukhalapo kanthawi isanabwerere. Iwo sananyamule dzanja. Anangotseka maso, ndipo kulira kumene kunadukira m'kachipinda ka matawulo kuja kunatuluka konse, mokweza, mwa kwathu, akuitana mayi awo. Ena amene anayamba kuomba m'manja poyesa kuti ndi sewero analekera panjira. Mmodzimmodzi alendo anatsitsa mafoni n'kulowera kokadya, ena akuyenda chonyang'ama.

Ferdinand anadzuka, mawondo akulira, n'kuvala chipewa. Anayang'ana kamera, anayang'ana Tiffany.

"She didn't touch it," anatero. "Ni nsalu yamene yabagwila."

A Modesta anapukuta nkhope ndi mpango. Anamasula chitenje, anachipinda kanayi monga mwa masiku onse, n'kuvala nsapato. Chinsalu chija sanachiyang'anenso, ndipo sanafunse kuti chigulidwa ndi ndani. Anandigwira dzanja kuti ndidzuke.

"Mayi ndawaika, Lillian," anatero. "Tola thireyi yako, anthu akudikira."