Hutala Yomwe Inatsala Pang'ono Kuthetsa Ukwati

Ndikamakamba nkhaniyi anthu amati ndikuthira nsinjiro, koma ndikulumbira, zinachitikadi, ndipo ine ndinali pampando wakumbuyo pambali pa mkwatibwi weniweniyo.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kings Heath, kudziko la azungu. Namwino mnzanga wa kutchalitchi kwathu ankakwatiwa ku Telford, ndipo anasankha galimoto yathu kuti imunyamule poti inali yatsopanoko. Amuna anga anakondwa, koma anati hutala za kuno zimalira ngati kamwana ka mphaka, nanga ukwati wopanda phokoso ndi ukwati? Anagula hutala yanyimbo n'kuilumikiza okha, poti kumudzi ankakonzako minibasi ya achimwene awo.

Tsikulo dzuwa linali phwee. Titalowa mumsewu waukulu, bambo anadina hutala yawo ija kuti azungu adziwe. Abale inu! Mawaipa anayamba kupukuta galasi louma, zitseko zikudzikhoma n'kudzikhomola zokha, muvi wa liwiro unagwa pomwe galimoto ikuthamanga, injini n'kufooka, kumbuyo chilole chikubwera. Sindinaopepo chonchi. Mwa chisomo, bambo anakwanitsa kuimika pambali.

Mkwatibwi anavula velo akulira, n'kutiuza kuti ku Kasungu kuli mwamuna amene iye anamukana, yemwe analumbira kuti mtsikanayu sadzaponda pakhomo la tchalitchi atavala zoyera. Anati tibwerere, bola umbeta kusiyana ndi manda. Ine, namwino wathunthu, m'malo momulimbitsa mtima ndinali kalikiliki kudzudzula ziwanda.

Ankhoswe, omwe ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull, ankatitsatira pambuyo. Anavula jekete, n'kulowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero, kenako anatuluka akuseka. Anatifotokozera kuti galimoto zatsopanozi si minibasi ija, momwe chilichonse chinali ndi waya wakewake. Muli timakompyuta tambiri, ka injini, ka mabuleki, ka zitseko, ndipo tonse timakambirana kudzera pa mawaya awiri okha opotana, wina akamakweza mphamvu mnzake akutsitsa, ndipo amawapota dala kuti magetsi ena asasokoneze uthenga. Timalankhula mosinthana, wa uthenga wofunika kwambiri n'kuyamba ndiye. Tsono amuna anga anasenda mmodzi wa mawayawo n'kumangirirapo hutala, basi ngati chidakwa chalowa pamsonkhano, aliyense n'kumamva zakezake.

Ankhoswe anachotsa waya wa hutalayo, n'kumata posendapo, galimoto inalira bwinobwino, koma mkwatibwi anakanabe kukwera. Apa ankhoswe anamuitana kuti aone yekha. Anamatula pomata paja n'kugunditsanso waya uja bambo atadina hutala, mawaipa n'kuvina. Anachotsa, zii. Anagunditsanso, kuvina. Kenako anamufunsa ngati mfiti ya ku Kasungu imamvera chala chawo. Mtsikana anaseka misozi ili m'masaya, n'kundiuza kuti ndimuveke velo. Tinafika mochedwa, mkwati thukuta lili kamukamu, koma ukwati unamangidwa, ndipo tinavina mpaka nsapato kutithina.

Za ufiti sinditsutsa, mwina uliko. Koma ndimakhulupirira kuti mfiti ya tsikulo inali pachiwongolero itavala suti, ndipo mpaka lero ndimaiphikira tiyi. Inu amayi, mukaona mawaya awiri opotana m'galimoto, ndipo bambo akuwayandikira ndi mpeni akuti amazidziwa, alandeni mpeniwo, mwana wa eni ake angafe mbeta.