Chitupa cha a Lameki

A Lameki Mbewe a ku Chinengundu m'tauni ya Chegutu, amene anakalambira m'migodi ya ku Gadzema, amakhulupirira chidindo kuposa abusa. Mu 2016 anayezetsa magazi poopa khansa ya pulositeti, ija inatseka mkodzo wa akulu awo mpaka kuwapha. Pepala lachidindo linati ali bwino. Analikutira m'pulasitiki, n'kumayenda nalo m'thumba ngati chitupa.

Chaka chino mwana wawo Jenifa anachita kuwakokera kuchipatala ku Kadoma. Nesi ataona pepalalo anati kwa agogowo, "Sekuru, ili linatha ntchito kalekale. Poti akulu anu anafa nayo, muzibwera chaka chilichonse."

Madalawo anafufuma ngati finye. "Chaka chilichonse! Chitupa ndinatenga kamodzi, mpaka lero palibe wapolisi anachikana. Magazi angawa asanduka a munthu wina?"

"Baba," anatero Jenifa, "kuchoka ku Chegutu kufika kuno mwaimitsa kombi kawiri kuti mukataye madzi."

A Lameki anayang'ana kudenga. Kenaka anapinda mkono wa shati, akutukwana achinyamata osasunga chinsinsi.

"Bayani, mayi. Koma pepala latsopanolo mudindepo kawiri."