Njati ya a NyaGondwe Yapendekera Kumanzere

Ku Area 25 mipopi ikauma, anthu a mumsewu wa a NyaGondwe sagwira njakata. Amangotulutsa zigubu n'kuzindandalika pageti pa mayiwo, basi. A NyaGondwe, amene dzina lawo la ubatizo ndi Kettie, anali namwino, koma pano anapuma pantchito. Ali ndi chigalimoto chachitali chija chosaopa matope, chimene anawasiyira malemu amuna awo a Harry. Ana a m'derali anachitcha Njati. Mayiwo amapakira zigubu za makomo onse n'kukatunga kumjigo wa mng'ono wawo, ndipo pobwera amaliza huta ngati abweretsa mkwatibwi. Salipiritsa munthu. Ukachulutsa zikomo amakukalipira kuti ukuwachedwetsa.

Kuyendetsa anaphunzira ataukula kale, a Harry atadwala sitiroko. Bambowo ankakhala pampando wakutsogolo, miyendo yosagwira koma pakamwa pali bwinobwino. "Dzenje ilo, Kettie!" Msewu wonse nyimbo inali yomweyo, ndipo mayiwo ankayankha kuti maso ali nawo.

Chaka chino Njati inayamba kukhala pansi kumbuyo, makamaka kumanzere, ngati munthu wosenza thumba paphewa limodzi. Tayala la mbali imeneyo, logulidwa nthawi ya Isitala, linafika m'nyengo yozizira litadyeka m'mphepete mwa mkati mpaka mawaya kuonekera, pomwe kunja kwake kunali kwatsopano. Mwana wawo Ian atabwera kudzawaona anazungulira galimotoyo akupukusa mutu.

"Amama, apa chasisi yathyoka, msana weniweni wa galimoto. Tiigulitse ikadayenda, ndikupezereni kakang'ono."

"Kakang'onoko kadzanyamula zigubu zingati?"

Anayankha mwamphamvu chotero, koma mumtima anali ndi mantha. Njati inali chinthu chokhacho chimene chinkawachititsabe kumva kuti a Harry sanapite kutali. Komanso sanali munthu wokakamira zoopsa, poti kuchipatala anaonako zokwanira. Anagwirizana kuti apite ku Biwi kwa a Greyson, makaniko amene ankaisamala galimotoyo kuyambira kale. Akanena kuti ndi chasisi, Njati igulitsidwe.

A Greyson ndi munthu wosapupuluma, moti ukhoza kupsa mtima. Anawalonjera, nafunsa za kunyumba, namaliza kaye nzimbe imene ankadya. Sipanala sanaikhudze n'komwe. Anauza Ian kuti aimike galimoto pasimenti posapendekera, iwo n'kuima kumbuyo kwake chapatali, diso limodzi atatsinzina. Kenaka analowetsa dzanja pakati pa tayala ndi bodi. Kumanja linalowa lonse, kumanzere zala zokha. Anasisita tayala lodyekalo ndi chikhato, nakankhira pansi kona ya galimoto n'kuisiya. Njati inanjanja kangapo isanakhazikike.

"Hmm," anatero a Greyson.

"Hmm wa chiyani, a Greyson? Nenani, ine si mwana."

"Dikirani, amayi. Nanga inu kuchipatala munkabaya jakisoni musanapime?"

Anaikweza ndi jeke, nayala katoni pansi, n'kulowa kunsi ndi tochi. Kunja kunangotsala nsapato zawo. A NyaGondwe anakhala pa tayala lakale, manja pachifuwa, akung'ung'udza nyimbo ya kumvano. Ankamva chitsulo chikugogodwa, ngo ngo, kenaka zii. Abale inu, munthu uja anakhalitsa kunsi kuja!

Potuluka anadzipukuta m'manja pang'onopang'ono.

"Chasisi iyi idzatiika m'manda tonsefe. Ilibe ngakhale mng'alu."

"Yewo, Fumu!" Chitumbuka chinawatuluka chokha mayiwo pothokoza Ambuye, ndipo anaomba m'manja.

A Greyson anaitana Ian kuti adzionere yekha. Sipuling'i yakumanzere inali itatopa n'kufupika, shoko yake ikudontha mafuta, mabushi, timalabala togwira zitsulo, ataphwanyika. Anafotokoza kuti galimoto ikakhala pansi chotero, tayala limapendekera mkati n'kumayenda ndi m'mphepete, ngati nsapato ya munthu wa matewe. Ukhoza kugula matayala mpaka kutopa, onse adzadyeka pomwepo.

"Koma pali chondidabwitsa," anapitiriza. "Masipuling'i ndi mapasa, amakalamba limodzi. Nanga bwanji yakumanjayi ikadali kamtsikana? Amayi, tatsegulani kumbuyoku ndione m'mene mumapakirira."

A NyaGondwe anazengereza pang'ono, kenaka anatsegula. Kumanzere kapeti inali itaperepeseka, ndipo zigubu zinali zitakanda mpaka kudenga, kusonyeza kuti zinkasanjikizana pamenepo. Kumanja kunali kwaukhondo. Kunali chinthu chimodzi chokha, chokutidwa ndi chitenje, chomangidwa bwino ndi chingwe. Ian anakweza chitenjecho. Unali mpando wa matayala wa bambo ake, wopinda, uli pamalo pomwe unkakhala masiku onse a matenda aja.

"Uko n'kwa bambo," anatero mayiwo. "Sindiikako madzi, ungachite dzimbiri."

Ian anabwezeretsa chitenje chija mosamala. Iye ankaganiza kuti mpandowo unaperekedwa kwa ena kalekale, ndipo za kagalimoto kakang'ono sanazitchulenso. A Greyson anavula kapusi yawo, naiyang'ana mkati, naivalanso.

"Amayi, ine ndisintha masipuling'i onse awiri, mashoko ndi mabushi, kenaka mukapimitse alayimenti kuti matayala aime mowongoka. Koma ndisakunamizeni. Madzi akamakhalabe mbali imodzi, chaka chamawa mudzandipezanso pompano. Katundu afunika agawidwe pakati, ndiponso muchepetseko. Njati nayo imatopa."

A NyaGondwe anayang'ana mpando uja nthawi yaitali. Kuutsitsa n'kukauika m'chipinda chosungira makasu, ayi, zimenezo mtima unakana. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Koma inenso! Bambowa kumbuyo kuno anafikako bwanji? Moyo wawo wonse sanakhaleko kumbuyo, ngakhale m'minibasi. Ian, tamasula chingwecho."

Sabata yotsatira mipopi inaumanso. Njati inatuluka pageti itaima chilili, kumbuyo kuli m'mwamba, zigubu zitayalidwa bwino mbali zonse, zotsala zikudikira ulendo wachiwiri. Ian anabwera kudzathandiza, ndipo atatsegula chitseko chakutsogolo anapeza malo ali ndi mwini wake. Mpando uja unali pamenepo, wofunditsidwa chitenje, atauveka lamba. Anakakhala kumbuyo osadandaula.

Atafika pokhotera kumsika, pamene mvula inakumba msewu, a NyaGondwe anachepetsa liwiro n'kulizemba bwinobwino dzenje lija.

"Ndaliona, a Harry," anatero. "Maso ndili nawo."