Nsangwe Sinaoneke ku Moatize

Bambo anga sankabzala chimanga asanaone Nsangwe. Kwathu ku Zóbuè, kagulu ka nyenyezi kameneka kakayamba kutuluka kummawa dzuwa litangolowa, iwo ankati, "Tulutsani mbewu." Mvula yogwa kasanaoneke ankaitcha yonyenga.

Chaka chomwe miyendo yawo inatupa tinawatengera ku Moatize, kumene amuna anga ankagwira ntchito ku mina ya malasha, kuti akhale pafupi ndi chipatala. Ponyamuka anauza mlongo wanga wotsala kumudzi kuti asakhudze mbewu mpaka iwo atanena.

Madzulo alionse ndinkawatulutsira mpando pakhonde. Koma kummawako n'komwe kunali mina. Magetsi ake ankayeretsa thambo lonse, fumbi lili tolo.

"Nsangwe yanga mwaibisa kuti, anthu a malasha inu?"

Mwana wanga wamkazi, amene anali ku sekundariya, anati, "Ilipo, agogo. Pulofesoli wathu akuti nyenyezi za m'mphepete mwake zimachokako pang'onopang'ono. Koma kuli timagulu tina takutali, togwiridwa pamodzi ndi chinthu chimene palibe anachionapo."

"Ndiye yanga yabalalika yonse?"

"Ayi agogo, zimatenga zaka zosawerengeka!"

"Zosaonekazo ukhulupirire ndi pulofesoli wakoyo, mkazi wanga. Ine ndibzala ndikaona."

Ndinaseka, ndati, "Nanga Bambo, kutchalitchi mumapemphera kwa amene munamuona?" Anandiloza ndi ndodo, naonso akuseka.

Mlongo wanga anaimba foni kuti mvula yagwa, anzathu abzala, ndipo Nsangwe akuiona bwinobwino. Bambo anati, "Maso ako amaona ndi mowa. Dikira." Iye anadikiradi, pakuti kwathu munda wa bambo subzalidwa mwini ali moyo asanalole. Tinkati tiwakweze Bambo chapa, kaminibasi kopita kumudzi, apite akaone okha, koma adokotala anati jekeseni zisadukize. Tinati sabata yamawa, kenako inanso.

Anabwerera ku Zóbuè ali m'bokosi. Titaika maliro, chakumadzulo, mwana wanga anandikoka chitenje. Nsangwe inali itakwera kale pamwamba pa mtengo wa mapeyala, chimanga cha anzathu chili m'mawondo, munda wathu uli udzu wokhawokha.

Ndimathokoza Mulungu kuti ndinawasamala ndi manja anga mpaka mapeto, ndipo mbatata zomwe tinabzala mochedwa zinatidyetsa. Koma ulendo wa chapa unali wa mmawa umodzi wokha. Akanakhala pakhonde lawo, n'kunena okha kuti, "Tulutsani mbewu."