Bambo Chomene ndi kamtsinje kathu

Neba wathu kuno ku Mhuju ndi mkulu wa mpingo, ndipo funso lililonse amaliyankha ndi liwu limodzi la Chitumbuka lotanthauza kuti "kwambiri". Ulaliki unakoma? "Chomene." Fodya wachita bwino? "Chomene." Ndi iwowa amene anagwetsa mitengo yonse m'mbali mwa kamtsinje kathu pomanga zigafa za fodyayo, moti kamauma mvula ikangosiya.

M'Febuluwale kunabwera mtsikana wa ku Zomba, Carol, foni ili m'manja. Anati anthu padziko lonse akuthandizana kujambula mapu a mitsinje, aliyense kuikapo umene akuudziwa. Mkuluyu anavala jekete la kutchalitchi n'kumutsogolera kumadzi.

"Bambo, kamayenda chaka chonse?" anafunsa Carol.

"Chomene, mwana wanga."

Ine ndinangoluma mano. Mkulu wa mpingo ungamutsutse pamaso pa mlendo?

Tsopano ndi Okutobala. Pafoni kamtsinjeko kakuyendabe, kabuluu. Okumba mijigo anaona mapuwo n'kutidumpha, ati tili ndi madzi.

Dzulo mkuluyu anapeza mkazi wanga atagwada pakati pa kamtsinjeko, akufukula mchenga ndi mbale.

"Mwatopa, mama?"

Mkazi wanga sanadzutse n'komwe mutu.

"Chomene."