Nyanja ya Agogo pa Kabati

Mpaka lero ndikadutsa pomwe amisiri akumata magalasi, fungo lija la guluu lowawasa ngati viniga likangondilowa m'mphuno, mtima wanga umabwerera ku Bangwe, m'nyumba ya agogo anga aamuna, a Fabiyano. Ndimamva kapampu kakung'ung'uza pabalaza, ndimaona kuwala kwa buluu kukugwera pakhoma losuluka utoto, ndiponso agogowo ali pa mpando wawo wansungwi, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ndinakulira m'nyumba imeneyo chifukwa mayi anga, a Rozina, ankagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ankabwera pa tchuthi pokha.

Agogo anali mmisiri wodula magalasi. Kwa zaka zambiri ankakwera minibasi ziwiri kupita ku Chirimba, komwe ankadula magalasi a mawindo ndi kumata mathanki a nsomba a anthu opeza bwino. Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 5, m'nyengo ya chiperoni, anasiya ntchito mwadzidzidzi osatiuza chifukwa chake. Sabata yomweyo kunabwera galimoto pakhomo. Kasitomala wawo wina ankasamuka m'dziko muno, ndipo anawasiyira kathanki kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, nyale yake, pampu, ndi ndowa ziwiri za mchere wapadera wopangira madzi ofanana ndi a m'nyanja yamchere. Munalibe chambo mmenemo. Munali miyala yobowokabowoka, kansomba kamodzi ka mizere yoyera, ndi zinthu zomwe agogo ankazitcha makorali.

Ena anali ngati bowa wofiira womatirira pamwala, ena ngati mabatani a malaya. Koma yemwe agogo ankamukonda anali wobiriwira, woyala pamwala ngati kapinga, ndipo madzi akamayenda ankaweramira uku ndi uku. Anzanga ankadzaza pawindo kukangana ngati ndi maluwa kapena miyala. "Ndi nyama zimenezi," agogo ankatero. "Zimadya, zimakwiya, zimagona." Ndipo zinalidi choncho. Ukangogunda galasi, kapinga uja ankalowa yense, n'kutsala mwala wokhawokha.

Agogo anabadwira kufupi ndi Nacala ku Mozambique, ndipo bambo awo anali msodzi. Anachokako ali achinyamata, nthawi ya nkhondo, akutsata njanji, ndipo sanabwerereko. Za ulendowo sankakamba. Koma ukawayamba za nyanja, tiyi ankazizira m'kapu. Ankafotokoza mmene madzi akaphwa ankayendera pamiyala kumbuyo kwa bambo awo, akusuzumira m'maenje momwe madzi atsalira. "Mtundu uwu, menina, ndinauona ndili msinkhu wakowu," ankatero akuloza korali wobiriwira uja. Menina linali dzina lomwe ankandiitanira, mawu a Chipwitikizi otanthauza kamtsikana.

Agogo aakazi, a Esinati, a ku Phalombe, ankagulitsa tomato ndi anyezi pakhomo, ndipo lilime lawo linali lakuthwa kuposa chodulira magalasi. Thankiyo anaipatsa dzina loti mkazi mnzanga. "Ine mutu ukandiwawa amati imwani madzi," ankauza ogula tomato. "Koma mkazi mnzangayu akangotsinzina pang'ono, nyumba yonse ikhale chete." Sankanama kwenikweni. Malamulo anali ambiri. Wosasamba m'manja asakhudze madzi, ndipo kusambako kukhale kopanda sopo. Wodzola mafuta aone ali patali. Mankhwala opopera udzudzu analetsedwa pabalaza. Nyale inkayaka kuyambira nthawi ya tiyi mpaka madzulo, ndipo chakudya cha kansomba chinkayezedwa pansonga ya mpeni. Magetsi akazima, pampu n'kuima, agogo ankatunga madzi ndi kapu n'kumawatsanuliramonso kuti aziyenda, mpaka dzanja kuwawa. Pambuyo pake anapeza batire lakale la galimoto loyendetsera pampuyo, manja awo n'kupumako.

Kenako kunabwera Okutobala. Malata ankathetheka ndi kutentha, phiri la Bangwe linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha fumbi ndi utsi, ndipo korali uja anayamba kufooka. Poyamba ankachedwa kutuluka m'mawa. Kenako mtundu wake unayamba kusuluka. Loweruka lina m'mawa ndikukolopa pabalaza, agogo anandiitana.

"Menina, wobiriwira uja akuwala bwanji lero?"

Ndinkayesa akundiyesa nzeru. "Sakuwala, agogo. Wasanduka ngati tiyi wa dzulo. Ndipo theka lake silinatuluke."

Agogo anatikita m'maso. "Ndimayesa ndi maso angawa," anatero.

Tsiku limenelo ndi pomwe ndinalumikiza zinthu zomwe ndinkaziona osazimvetsa: tiyi wothiridwa pambali pa kapu, dzanja lofufuza chitseko lisanachigwire, ntchito yosiyidwa mwadzidzidzi ija. Agogo aakazi anandiuza kuseri kwa nyumba tikuyanika zovala. Kuchipatala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi matenda ena, ndipo mankhwala odonthezera angochedwetsa chabe. Maso a agogo ankatsekeka pang'onopang'ono. Iwo sankadandaula. Chomwe ankafuna chinali chimodzi, kuti aonenso korali uja ali ndi mtundu wake maso asanatheretu.

Anayesa zonse zomwe ankadziwa. Anapukuta mchere womwe unauma pagalasi la nyale. Anachepetsa maola a nyaleyo, kenako anawonjezera. Anafunditsa thanki nsalu yonyowa m'mbali, n'kuiyang'anitsa fani kuti izizire. Kansomba anakachepetsera chakudya mpaka kanayamba kutiyang'ana ngati tili ndi mlandu. Palibe chinasintha. Chifukwa cha kutentha ndi fani ija, madzi ankatsika tsiku lililonse kupitirira katepi komwe kanamatidwa pagalasi kosonyeza mlingo, ndipo m'mawa uliwonse agogo ankasungunula mchere m'ndowa mosamala n'kudzazanso. Mwini thanki uja anawaphunzitsa kasungunulidweko mothamanga, katundu ali kale m'galimoto, ndipo agogo anagwira mfundo imodzi, yoti nyama ya m'nyanja yamchere suipatsa madzi opanda mchere. Makorali ofiira awiri anafa, n'kusungunuka ngati bowa wovunda.

Yemwe anatulukira vutolo ndi yemwe ankadana nayo thankiyo. M'mawa wina ine ndikuvala yunifomu, agogo aamuna anapempha agogo aakazi kuti awagwirire ndowa. Madzi a m'thanki anathovukira agogo aakaziwo pamkono, iwo n'kunyambita osaganiza. Analavula pomwepo. Kenako anaviika chala m'ndowa, n'kulawanso, nkhope itakwinyika.

"Bambo a Rozina, kodi mukufuna kuyanika nsomba muno? A m'thankimu ndi owawa kuposa a m'ndowawa."

"Nyanja ya kwathu imakhala yamchere, mayi. Inu a ku Phalombe munaionapo nyanja imeneyo?"

"Nyanja sindinaione. Koma nyemba ndaphika moyo wanga wonse. Zikaphwa madzi pamoto, ndimathira madzi okha. Ndikamathiranso mchere ulendo uliwonse, mungadye inu? Chimauluka ndi nthunzi, mchere umatsala mumphika."

Agogo aamuna analandira ndowa ija n'kuiika pansi. Ndinkayembekeza kuti atsutsa, chifukwa kutsutsana kunali chakudya chawo cha m'mawa anthu awiriwa, koma sanatsutse. Anandituma kuti nditsegule dirowa ya masupuni n'kutenga kabokosi kapulasitiki kamene kanali kumbuyo. Ndinkakadziwa bwino. Kanabwera ndi thanki, kali ndi kamuvi mkati, ndipo mwini wake analembapo mzere wofiira. Ukakadzaza madzi, kamuvi kankayenera kuima pamzerepo ngati mchere uli wokwanira. Agogo anali atakaponya m'dirowamo miyezi ingapo m'mbuyomo, ati n'kakufa.

Ndinakadzaza ndi madzi a m'thanki. Kamuvi kanakwera, kanadutsa mzere wofiira, kanakagunda pamwamba penipeni. Ndinayesa a m'ndowa, kanaima pamzere.

"Sikanafe, agogo," ndinatero.

"Ndikudziwa, menina. Ndine ndinasiya kuona kamuviko. Ndinkachita manyazi kufunsa."

Agogo aakazi anali atanyamula kale chidebe cha madzi a pampopi kuti akhuthuliremo onse, koma agogo aamuna anawagwira mkono. Anati nyamazo zazolowera mchere wambiriwo, ndipo mukazidzidzimutsa zifa tsiku lomwelo. Apa ndi pomwe mmisiri uja anadzuka. Anakonza ndondomeko yake. M'mawa uliwonse tichotsemo kapu imodzi ya madzi amchere, tithiremo kapu imodzi ya madzi opanda mchere. Madzi akatsika pa katepi, tidzaze ndi opanda mchere okhaokha. Madziwo akhale m'beseni masiku awiri mpaka fungo la mankhwala a pampopi lithe. Kamuvi ndiziwerenga ine ndisanapite kusukulu, ndipo ndiziwauza zoona ngakhale zikhale zosakoma.

Beseni lija analilondera ndi agogo aakazi. Analivindikira ndi nsalu yoyera, ndipo mlendo wina atafuna kutungamo madzi osamba m'manja anamuthamangitsa ngati nkhuku yalowa pa ufa. "Amenewo ndi a mkazi mnzanga, akudwala," anatero, osaseka n'komwe.

Kamuvi kanatsika pang'onopang'ono, mpaka patatha masabata awiri kanaima pamzere wofiira. Ine ndinkayesa mawa lake korali adzuka wobiriwira. Sizinatero. Panapita masiku ambiri akutulutsa timitu towerengeka totuwa, ndipo tsiku lililonse agogo ankafunsa, ine n'kuyankha kuti sanabwererebe. Mvula yoyamba itagwa ndi pomwe nsonga zinayamba kuwala. Pofika masiku a Khirisimasi mwala wonse unali utabiriwira kuposa tsiku lomwe thanki inabwera, ndipo korali uja anali atayamba kuyanga pamwala wina wapafupi.

Koma maso sanadikire. Pofika nthawi imeneyo agogo ankangoona kuwala kwa nyale, ngati galimoto yobwera m'chifunga cha chiperoni.

Lamulungu lina titachokera kutchalitchi, agogo anakhala pa mpando wawo wansungwi, akadali ndi jekete, n'kuyandikitsa nkhope pagalasi monga mwa masiku onse. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwerera m'mbuyo.

"Ndiuze, menina. Usandinamize."

"Wabiriwira, agogo. Ngati mpiru wongophuka kumene."

"Mpiru ndi chiyani iwe," anatero agogo aakazi ali pakhomo la kukhitchini. "Ngati kapinga wa pabwalo la tchalitchi, mvula itangosiya, dzuwa n'kutuluka. Mpaka akuwala."

"Akugwedezeka?" anafunsa agogo aamuna.

"Eya, yense akuweramira mbali imodzi, kenako n'kubwerera," ndinatero.

Agogo anavula jekete, anapinda malaya, anasamba m'manja popanda sopo. Ndinawagwira dzanja n'kulilondolera m'madzimo mpaka chala chinakhudza nsonga za korali uja. Pomwepo kapinga yense analowa, mwala n'kutsala wokha. Ndinawauza kuti wabisala. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka.

"Wandimva," anatero. "Ndi yemweyo. Ndi wa kwathu ameneyu."

Iwo ankaseka, koma ine ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa bafa. Chinkandiwawa n'chakuti kabokosi kaja ndinkakaona tsiku lililonse potenga masupuni, ndipo sindinafunsepo. Ndikanafunsa mu Ogasiti, bwenzi agogo ataona ndi maso awo. Maganizo amenewo sanandichoke mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti ndinali mwana.

Agogo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi ali osaona, ndipo m'mawa uliwonse funso linali lomwelo. Ine nditapita kusekondale yogonera komweko, ntchito yoyankha inatsala ndi agogo aakazi, omwe anaphunzira kuwerenga kamuvi n'kumakangana nako ngati munthu. Onse awiri anatisiya. Thanki ili pa kabati yanga ku Machinjiri, yomatidwanso kawiri, ndipo mchere wake amandibweretsera ndi dalaivala wina wa mathiraki. Kansomba kaja kanafa kalekale. Korali wobiriwira uja wadzaza miyala yonse mpaka wakwera galasi lakumbuyo, moti nthawi zina ndimachita kumudula.

M'mawa uliwonse ndisanathamangire minibasi ndimayang'ana katepi, ndimadzaza ndi madzi opanda mchere, ndimawerenga kamuvi, n'kuyatsa nyale. Mwana wanga anasiya kufunsa kuti ndikulankhula ndi ndani. Ndimadikira mpaka nsonga zonse zituluke, kenako ndimanena mokweza kuti, "Lero wabiriwira, agogo."