Chisoti cha Mutu wa Mnzanga

Ndili Fomu 3 pasekondale yoyendera pafupi ndi Kamwendo, kunabwera aphunzitsi atsopano a Chingerezi ochokera ku Mulanje, bambo aafupi oyankhula mofulumira ngati pali wowathamangitsa. Iwowa ndiwo anatipengetsa tonse. Anatenga sewero lakale la kwa azungu lomwe tinkaliwerenga uku tikuwodzera, n'kulimasulira m'Chichewa, n'kulengeza kuti tidzalisewera pamaso pa makolo tsiku lotsekera sukulu. Nkhani yake inali ya msilikali wamkulu yemwe afiti anamulosera ufumu, iye m'malo modikira n'kupha mfumu yomwe inalipo. Mathero ake anali oipa, koma ine za matherozo sizinandilowe m'khutu. Ndinangomva zoti pali wina adzavale chisoti chachifumu.

Chifukwa chake chinalipo. Chaka cham'mbuyo mwake amayi ananditengera ku mapemphero, ndipo mayi wina wotchuka ndi maulosi anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Mwana uyu adzavala chisoti pamaso pa khamu la anthu." Amayi anamasulira okha kuti ndi chisoti cha ku yunivesite chija cha kachingwe kolendewera. Ine yunivesite ndinkaiona kutali. Chisoti chinali chitabwera chokha pasukulu pathu pomwe, ndiye ndidikirenji?

Anyamata anayesedwa onse pa malo a msilikaliyo n'kulephera. Wina ankangoseka, wina mawu ankathera kukhosi. Aphunzitsi anamenya tebulo n'kuti, "Basi, msilikali wanga akhala mtsikana!" Tinatsala awiri, ine ndi mnzanga wa ku Mkanda yemwe ndinkagona naye kachipinda kamodzi pafupi ndi sukulu, mbaula imodzi, poto mmodzi. Anali ndi mawu aakulu ndi mutu waukulu, moti tinkamuseka kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, iye n'kumaseka nafe. Atangotsegula pakamwa kalasi yonse inati zii. Aphunzitsi anasankha iyeyo. Ine anandipatsa malo a wamthenga, wolowa, kunena mawu awiri, n'kutuluka.

Zinandiwawa, ndisaname. Madzulo aliwonse iye akamatsuka mbale ine ndinkamugwirira pepala kuti aloweze, ndipo mawu ake onse analowa m'mutu mwanga osawaitana. Chisoti anapanga yekha. Anadziyeza mutu ndi ulusi, n'kudula katoni, n'kumata timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a tiyi tomwe anatola pamsika. Chitatha anachipachika pamsomali, ndipo dzuwa likalowa pawindo chinkang'anima mpaka ine kulephera kuwerenga.

Tsiku lina la msika kunatulukira bambo ake a mnzangayo panjinga, atamangirira ufa ndi mtedza kumbuyo. Anali mkulu wa mpingo kwawo, munthu wosaseka wamba. Ndinagwada, ndinawalandira katundu, ndinawapatsa madzi.

"Nanga mnzakoyu ali kuti, mwana wanga?"

"Ali kwa aphunzitsi, bambo. Masiku ano akumawaphunzitsa zokambirana ndi afiti."

Sindinaname ayi. Ndinangosiya liwu limodzi lokha, loti sewero. Bambowo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Afiti ati?"

"Olosera zam'tsogolo, bambo. Akumakumana nawo Lachiwiri ndi Lachinayi."

Maganizo anga anali oti amukalipira, amuletsa sewerolo, basi nkhani yatha. Koma anapita kusukulu njinga ili m'manja, n'kupeza mwana wawo ataima pakati pa atsikana odzipaka makala kumaso, atafunda masaka, akuvina mozungulira mphika. Aphunzitsi anayesa kufotokoza, koma kuyankhula kwawo kothamanga kuja kunangoonjezera moto. Tsiku lomwelo mnzanga anakwezedwa pakaliyala ndi chikwama chake. Chisoti chinatsala pamsomali.

Ndinadziuza kuti abwera Lolemba. Lolemba linadutsa, linanso n'kudutsa. Aphunzitsi analemba kalata, kenako anapalasa okha njinga mpaka ku Mkanda, n'kubwerako ndi fumbi lokhalokha. Atafunsa m'kalasi ngati alipo wodziwa mawu a msilikali, dzanja langa linali m'mwamba asanamalize funso. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ine masiku amenewo ndinkayenda ngati pansi pali masipuling'i.

Tsiku lotsekera linafika, ndipo anthu anabwera eti! Makolo anadzaza holo, akabaza anasiya njinga zawo pasiteji kudzasuzumira, ana anakwera m'mawindo. Nsanja yathu inali madesiki olumikiza, pamwamba titayala mphasa. Nditatulukira ndi lupanga la thabwa, nthungululu zinaphulika. Anthu akwathu saonera sewero chete, amalowamo. Pamene ndinkanyang'ama kukapha mfumu yomwe inagona kwanga ngati mlendo, mayi wina anaimirira n'kukuwa kuti, "Iwe mwana iwe, mlendo saphedwa!" Wina kumbuyo anati, "Dzukani bwana, akupweteketsani!" Mawu ankatuluka okha, ndipo ndinkamva kuti holo yonse ili m'manja mwanga.

Kenako inafika nthawi yomwe ndinaigulitsira mnzanga. Ng'oma inalira, anzanga anagwada, wina anakweza chisoti chonyezimira n'kundiveka. Chisoticho chinadutsa pamphumi, chinadutsa m'maso, n'kudzakhazikika pamphuno. Palibe anaganizapo zondiyeza, ndipo ine ndinkaopa kuchikhudza chili pamsomali paja. Holo inagwa ndi phwete. Ndinachikankhira m'mwamba, chinatsikanso. Ndinalamulira ufumu wanga wonse dzanja limodzi lili pamutu.

Pa nkhondo yomaliza panafunika manja onse awiri. Ndinasiya chisoti, icho n'kunditseka m'maso, koma ndinapitiriza kuzunguza lupanga n'kumakuwa kuti palibe angandigwetse. Ndinaponda pomwe panalibe desiki. Ndinagwera pamiyendo ya apampando a komiti ya makolo, lupanga uko, nsapato uko. Anthu anaimirira kuwomba m'manja poganiza kuti tinakonza dala. Aphunzitsi anati chiyambire sanaonepo mfumu yogwa bwino chotero. Amayi okha pobwerera ankangong'ung'udza kuti ulosi uja sunali wa katoni.

Amayi analondola, chifukwa patapita zaka chisoti cha kachingwe chija ndinavaladi, ndipo lero ndimaphunzitsa kuboma. Mnzanga sanabwererenso kusukulu. Ndinkangomva kuti anakwatiwa, akulima fodya ndi mtedza, ndipo ndikamva dzina la Mkanda ndinkasintha nkhani.

Chaka chatha ndinatsika minibasi pa Kamwendo kuti ndigule mtedza, ndipo mawu aakulu aja anandiitana kuchokera kuseri kwa thumba. Anali iyeyo, mwana kumsana. Anandikumbatira mpaka kundinyamula, n'kuyamba kulakatula mawu a msilikali pakati pa msika, osaphonya ngakhale limodzi, amayi anzake akufa nazo kuseka. Ine ndinkaseka nawo modzikakamiza. Atamaliza ndinamukokera pambali.

"Iwe, pali zomwe sindinakuuze. Tsiku lija bambo ako atabwera..."

"Ndikudziwa," anandidula. "Anandiuza tsiku lomwelo tili panjinga, tisanafike n'komwe pamlatho."

Iye anatapa mtedza n'kuthira m'jumbo mwanga, n'kuonjezera dzanja lina lodzaza.

"Ndinamva zoti chinakutsika mpaka pamphuno," anatero akumanga jumbo. "Chinandiwawa n'chimenecho. Ukanangondiuza kuti ukuchifuna, ndikanakuyeza mutu."